Ndinawaimbira Amayi pa Kabowo ka Selo

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Meyi, ndikuthothola mtedza pakhomo. Apolisi awiri, wina ali ndi mfuti. Sanaodire n'komwe.

"Ndimwe amai oimba aja?" anafunsa wamkuluyo. "Tiyeni mukayankhe mafunso, mubwela manje-manje."

Manje-manje ameneyo, "posachedwa" wawoyo, anandifikitsa m'chisanu cha Juni.

Mlandu wanga unayamba ndi nyimbo. M'mudzi mwathu, kwa Magodi, munamwalira mayi wina wokalamba amene anthu ankamunena ufiti. Amuna anagwirizana kuti aikidwe popanda kulira, popanda nyimbo. Ine ndine woyambitsa nyimbo m'kwaya ya azimayi kutchalitchi kwathu, ndipo mayiyo tinkadya naye Mgonero. Zinandikanika. Ndinaima pamanda ndekhandekha n'kuimba. Pasanapite nthawi chigafa cha fodya cha mmodzi wa amuna aja chinapsa, ndipo zala zonse zinaloza ine.

Ku boma anandilowetsa m'kachipinda.

"Mfiti uiimbila nyimbo, ndiwe ndani wake? Machesi unagula kuti?"

Ndinati za machesi sindikuzidziwa, koma nyimboyo ndinaimbadi. Yankho limenelo silinawasangalatse. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Koma chimene chinkandidya sichinali khutu, kapena nsikidzi, kapena ndowa ya pakona. Ndinasiya amayi anga ali gone m'chipatala cha pa boma pomwepo, miyendo itatupa. Iwowo ndiwo anandiphunzitsa kuimba, ndipo anandilumbiritsa kalekale. "Mwana wane," ankatero, "tsiku langa likadzafika, nyimbo yanga udzayambitse ndiwe. Anzakowa amaiyamba pamwamba, ngati akupirikitsa nkhuku." Inali nyimbo yakale ya Chitumbuka, yofuna kuiyamba pansi ndi kuyenda nayo modekha.

Selo ya azimayi inali ndi kabowo m'mwamba, koyang'ana msewu wochokera ku mochale. Kwathu maliro sayenda chete. Azimayi amakwera lole pamodzi ndi bokosi, n'kumaimba njira yonse mpaka kumudzi. Ndiye lole iliyonse ikamveka, ndinkathamangira pansi pa kabowo, khutu labwinoli m'mwamba. Kwaya yathu kodi? Ayi. Mtima unkakhala pansi, kenako ndinkachita manyazi kuti ndakondwera ndi maliro a eni ake.

Ndinagwadira wapolisi wamkazi amene ankatilondera. "Amayi, chonde, mundiperekezeko kuchipatala, ngakhale ndi unyolo. Ndingowaona basi."

"Kuno si ku hotela, iwe. Imbila Mulungu wako akutsegulile."

Sindinaimbe. Ndinene zoona, Mulungu ndinamukwiyira. Ndinkati, ndinaimbira munthu wanu pamene onse anamutaya, malipiro ake ndi amenewa? Akaidi anzanga ankandinyengerera: "Amama, tiimbirenikoni imodzi yokha." Ine ndinkangotembenukira kukhoma.

Loweruka lina masana kunamveka lole. Ndinaimirira monga mwa masiku onse. Mawu oyambitsa anali a mlamu wanga, mnzanga wa m'kwaya, ndipo nyimbo inali yomwe ija. Anaiyamba pamwamba, mothamanga. Panalibe chifukwa choti wina andiuze.

Mayo ine! Ndinafuna kudzigwetsa pansi ndilire, koma lole inali kudutsa, ndipo ikanadutsa kukanakhala kutha.

"Ndinyamuleni!" ndinakuwa. "Ndi amayi anga awo!"

Azimayi awiri, wina wophika kachasu, wina womangidwira ndewu, anandikweza pamapewa. Ndinaika pakamwa pa kabowo n'kuiyamba pansi, mmene amayi ankafunira. Mawu anatuluka osasa, onjenjemera, koma anatuluka.

Kunja kuimba kunaduka. Injini inazima. Kwa kanthawi ndinali ndekha, ndipo ndinaopa kuti andikana ngati pamanda paja. Kenako mlamu wanga anavomera, akulira, ndipo azimayi onse anamutsatira, pang'onopang'ono, pa liwiro langa. M'selo, amene sankadziwa mawu ake anangoitsatira chong'ung'udza. Wapolisi uja anamenya chitseko ndi ndodo kuti tileke phokoso. "Chongo!" Anamenyanso. Kenako sindinamumvenso.

Chimene chinalowa mwa ine pamenepo sindingachifotokoze bwino. Mkwiyo sunathe, chisoni sichinachepe, koma ndinadziwa kuti Mulungu amene ndinamufulatira uja sanachoke m'selomo. Tinaimba mavesi onse osadumpha. Injini inaliranso, lole n'kumapita. Bokosi sindinalione.

Ananditulutsa Lachinayi lina, akuti umboni palibe. Palibe anapepesa. "Pitani, osabwelanso," basi.

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji potuluka pageti. Sunakome. Ndinali ndi njala, nsabwe, ndi manda oti ndikawaone. Ngati ndinamasukapo, linali Loweruka lija, ndili pamapewa a akaidi, chitseko chili chokhoma. Amayi sindinawatseke maso, sindinawasambitse, sindinawaponyere dothi. Nyimbo yokhayo ndiyo ndinawapatsa, ndipo ndinaiyamba bwino.