Fayilo Yomwe Inkakwera Masitepe

Inu amene mwalakwa mayeso ndipo mukungodzitsekera m'nyumba, tamverani za mtsikana wina amene abale ake ankamutcha Mafunso, poti pakamwa pake sipankachoka "chifukwa chiyani".

Mafunso anachotsedwa ku koleji ya zamakompyuta atalephera mayeso omwewo kawiri. Anatuluka ndi kachikwama kamodzi n'kukagona pampando wa pabalaza kwa mkulu wake. Manyazi anamugwira moti anzake akamuimbira, ankangoyang'ana foniyo mpaka isiye yokha kulira.

Mlamu wake anali ndi situdiyo ya mavidiyo aukwati, ndipo anamulemba ntchito monyinyirika. Ntchitoyo inali kukopera mafayilo kuchokera pa seva yakale kupita pa yatsopano. Seva ndi makina osungira mafayilo, ndipo awiriwa anali ogundizana m'kachipinda ka pansi. Iye ankakhala m'chipinda cham'mwamba ndi laputopu yotopa.

Vidiyo imodzi inkadya tsiku lathunthu. Makasitomala ankadikira mpaka kuyasamula, n'kubwerera akudandaula.

"Mlamu, ndisakubisireni," anatero mwini situdiyo. "Kasitomala mmodzi akangothawa chifukwa cha kuchedwaku, inunso muona msewu. Ntchito yatha, pogona patha."

Mawuwo anamulasa mumtima. Analibe kwina kolowera.

Tsiku lina masana anamva laputopu ikumuwotcha pamiyendo. Anadabwa. "Iwe ukutentheranji? Ine ndangolamula, ntchito ndi ya maseva." Anazula waya wa netiweki wolumikiza laputopuyo ndi maseva kuti aone, ndipo kukopera kunaima pomwepo.

Ha! Kani fayilo iliyonse inkachoka pansi, kukwera masitepe kudzera m'waya, kulowa mu laputopu yake, kenako n'kutsikanso. Makina awiri oyandikana chonchija ankalephera kupatsirana chinthu osadzera kwa iye. Zinamuseketsa, komanso zinamusowetsa mtendere.

Anayamba kuwerenga nthawi yopuma, anzake akuntchito akucheza panja. Anadziwa za kenelo, chigawo chamkati kwenikweni cha pulogalamu yoyendetsa kompyuta, chomwe chimalankhula ndi madisiki ndi netiweki. Zambiri sankazimva, koma ankabwereza mpaka zilowe. Kenako anapeza zoti kenelo itha kuuza seva yatsopano kuti, "Katenge wekha kwa mnzakoyo," bola maseva onse avomere. Anatchera maseva aja, nalemba kapulogalamu kopempha zimenezo.

Vidiyo yoyamba inatha kapu ya tiyi isanazizire. Mafunso anavina yekhayekha. Mlamu wake, mosangalala, anaitana eni ukwati wa m'vidiyoyo kuti adzaonere.

Anakhala pansi, vidiyo inayamba bwinobwino. Mkwatibwi atangofika pakhomo la holo, chithunzi chinangoti zii, mdima.

"Ndiye mkazi wanga sanalowe?" anafunsa mkwati, wosaseka n'komwe. "Tibwera mawa. Zikakhala zomwezi, musadzationenso."

Makasitomalawo atatuluka, mlamu uja sanakweze mawu. "Longedzani."

"Ndilongedza, alamu," anayankha Mafunso, misozi ili m'maso. "Vidiyo yonse ikadali pa seva yakale, sindinafufute. Koma ndiloleni ndidziwe kaye chifukwa chake yadukira pamenepo."

"Zoona mukufunsabe mafunso? Pitani nazo. Mpaka mawa basi."

Mafunso akanatha kubwerera ku njira yakale ija yochedwa, koma nthawi sikanakwana. Anayesanso, inaduka. Anasintha waya, inaduka. Anayesa fayilo yaing'ono, inadutsa yonse. Apa m'pamene anaima. Bwanji yaing'ono ikudutsa, yaikulu ayi? Anauza kapulogalamu kake kuti kazionetsa zomwe kenelo ikuyankha.

Yankho linalipo nthawi yonseyi, iye ndiye sankalimvera. Kenelo sinalonjeze kutumiza zonse ulendo umodzi. Inkatumiza gawo, n'kunena kuti "ndafika apa", kudikira kuti aipemphenso. Kapulogalamu kake kankangomva kuti zayenda, basi n'kutseka. Anakakonza kuti kazipemphabe mpaka fayilo ithe, kenako kaziyerekeza mafayilo awiriwo.

M'mawa mwake, m'vidiyo muja, mkwatibwi analowa m'holo, anavina, anadula keke, mpaka galimoto yawo inanyamuka. Mayiyo analira poonera, mwamuna wake nayenso akupukuta m'maso n'kumanamizira chimfine.

Makasitomala atapita, mlamu anakanda kumutu. Kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi laputopu ija.

"Simupita kulikonse," anatero chapansipansi. "Koma tandiuzani, mlamu. Kenelo imeneyi, imakhala pati kwenikweni?"

Lero Mafunso amagwira ntchito ndi gulu la anthu okonza chigawo chomwecho cha kenelo. Iye ndi amene amayesa ngati fayilo yafikadi yonse seva ikakana, waya akaduka kapena disiki ikadzaza. Zokonza zomwe anatumiza ku gululo koyamba anam'bwezera, zachiwiri chimodzimodzi, ndipo ulendo uliwonse ankafunsa kuti walakwitsa pati.

Inunso mwina zanu zadukira pakhomo, anthu akuonerera. Zimawawa, sindikukana. Lirani ngati mukufuna, koma mukapukuta misozi funsani kuti zadukira pati, ndipo chifukwa chiyani. Mtima usagwe, abale anga. Yesaninso mpaka zithe.