Seveni wa Agogo Namakhwa

Ndikamva fungo la fodya amene wayamba kufota m'chigafa, lija lotsekemera koma lokanda kukhosi, ndimaona agogo Namakhwa atakhala pa thumba lakale la fetereza, miyendo atatambasula, makhadi ali m'manja. Sanali agogo anga enieni ayi. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ina kwathu ku Wimbe, ndipo esitetiyo itatsekedwa anzawo anabwerera, iwo n'kutsala. Bambo anawapatsa kamalo kuseri kwa chigafa chathu, ndipo ankatithandiza kusoka fodya.

Masana, dzuwa likafika paliwombo, anthu n'kubalalika kukapuma, kumangomveka njiwa ndi masamba a fodya akukhulana pa mikangala, iwo ankatsegula kachitini kawo ka makhadi. Makhadiwo anali oda ndi phula la fodya, ofewa ngati sanza. Amayi ankanyinyirika kuti njuga pakhomo pa anthu opemphera ndi zochititsa manyazi. Agogo ankangoseka. "Amayi, njuga ya munthu mmodzi? Ndikadya, ndidya ndani?"

Masewerawo analibe nzeru iliyonse, unali mwayi basi. Ankayala makhadi asanu ndi atatu pamphasa. Akaona awiri a nambala imodzi, ankawachotsa n'kuikapo ena a m'manja. Ofanana akasowa, masewera afa, yambaninso. Kupambana kunali koti onse achoke awiriawiri, mphasa itsale mbee. Ine ndi pakamwa pangapa, paja ankanditchula kuti wailesi, ndinawafunsa kuti akapambana alandira chiyani.

"Tsiku limene adzathe onsewa, Nabanda, ndikumanga katundu," anatero. "Ndiye kuti msewu wa kwathu watseguka."

Ndinkaona ngati nthabwala, mpaka chaka chimene anabwera olemba mayina a makuponi a fetereza. Ndinali ndi zaka khumi. Agogo anavala jekete lawo la ku tchalitchi, n'kukaima pamzere pabwalo la sukulu kuyambira m'mawa. Atafika kutsogolo anauzidwa kuti obwera akalembetse kwawo. Anabwerera jekete lili paphewa, n'kukhala pathumba paja nthawi yaitali osatsegula chitini.

"Mano onsewa athera kuno," ananena chapansipansi, "koma ndidakali mlendo."

Kuyambira pamenepo makhadi sankapuma. Ankayala, kusakaniza, kuyalanso, uku akundiuza za phiri la Michesi, mmene mitambo imagonera pamwamba pake, za kalongonda, nyemba zija zimene zimaphikidwa tsiku lonse, za mlongo wawo Esitere amene anamusiya asanakwatiwe. Kuno, ankati, dziko langoti see, maso alibe potsamira. Ine mantha anandigwira zenizeni. Anali iwo okha amene ankamvetsera nkhani zanga mpaka kumapeto, amene ankandizula minga ndi pini osandikalipira kuti ndimayenda ngati mbuzi. Achoke? Ine nditsale ndi yani?

Ndiye tsiku lina atapita kumjigo, ndinatsegula chitini chija, n'kusololamo khadi limodzi, seveni wa timitima tofiira. Ndinalibisa m'chikuto cha kope langa la masamu. Ndinali mwana, koma mutu unkagwira: limodzi likasowa, lina lidzatsala lopanda mnzake mpaka kalekale.

Patapita milungu ingapo, masana ena makhadi anayamba kuyenda. Awiri, awiri, awiri. M'manja munatha. Pamphasa panatsala asanu, kenako atatu, kenako limodzi lokha, seveni wakuda. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana ine. Ine maso pansi, ndikukanda bondo losayabwa.

"Hmm. Lero zakanikanso," anatero, n'kusonkhanitsa makhadi awo.

Anaseweranso zaka zinayi ndi makhadi operewerawo, tsiku ndi tsiku, osafunsa kanthu. Nthawi zina ndinkawapeza atasiya kusewera, angoti duu kuyang'ana kummwera, kumene kulibe chilichonse koma minda ndi zigafa. Ndinkathawa, chifukwa mtima unkandiluma.

Sabata imene ndinkapita ku sekondale ku Nkhamenya, agogo anali atagona ndi chifuwa. Ndinalowa m'kanyumba kawo masana, khadi lili m'manja, n'kugwada pafupi ndi mphasa. Ndinangolitambasula.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wakuba wabwera yekha."

"Munkadziwa, agogo?"

"Tsiku lomwe lija. Makhadi aja anatha, Nabanda. Msewu unatseguka."

"Nanga osapita bwanji?" Apa n'kuti ndikulira, mamina ali mbwee.

"Kwathu palibe anandiitanapo. Kuno anati sindine wa kuno. Ndiye papezeke munthu mmodzi woba kuti ndisachoke, ine ndinyamuke?" Anapinda zala zanga pa khadi lija. "Sunga. Iwe ndiye unandilemba dzina."

Anamwalira teremu isanathe. Ndinamva nditabwera ku holide, atawaika kale kumphepete kwa manda a kwathu, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Chitini chija amayi anachiika m'bokosi la maliro la agogowo, amayi omwe aja odana ndi njuga.

Ndimawasowa, abale. Ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ananena zoona kapena ankangofuna kuti mwana apite kusukulu mtima uli m'malo, pakuti maso aja oyang'ana kummwera ndinawaona ndekha. Mwina Esitere anali moyo. Mwina ankadikira.

Khadi lija limakhala m'kachikwama kanga, kuseri kwa chiphaso. Chaka chatha ntchito inandifikitsa ku Phalombe koyamba. Minibasi itakhota, phiri linangoti imee kutsogolo, mitambo itagona pamwamba monga ankanenera. Ndinafunsa mayi amene ndinakhala naye, iye n'kuti inde, ndi Michesi ameneyo. Ndinatulutsa seveni uja, n'kumugunditsa pa galasi, nkhope yake kuloza kuphiri.

Mayi uja anandiyang'ana modabwa. "Mukutani kodi?"

"Ndikuwaonetsa agogo kwawo," ndinatero, ndipo sindinatsitse dzanja mpaka phiri litabisika.