Kadontho koyera pachifuwa cha adada

Adada anatsokomola nyengo yonse yokolola fodya. Chifuwa chawo chinkamveka kuchokera kunyumba mpaka pamsika wa Mhuju, moti madalaivala a minibasi ankaima poganiza kuti wina akuwaitana. Ndikulumbira, sindinawonjezepo kanthu.

Kuchipatala anawajambula ekisileyi, koma mafilimu anali atatha, chithunzi chinangoonekera pakompyuta. Bambo wojambulayo anati masiku ano timangotero: tengani foni yanu, mujambule pagalasipo, mukaonetse adokotala. Foni yangayo inagwerapo m'chidebe cha thobwa, ndipo kuyambira pamenepo imaona dziko ngati munthu wongodzuka kumene. Ndinajambulabe. Panatuluka nthiti za adada, zenera la kumbuyo kwanga, ndi dazi langa litakhala pakati pa mapapo awo. Chakumtunda kumanzere kunali kadontho koyera.

Adokotala anakuza chithunzicho ndi zala mpaka chonse chinasanduka timabokosi. Anati kadonthoko kakhoza kukhala chipsera cha TB yakale, kakhoza kukhala chotupa, kakhozanso kukhala babu la kudenga. Anafunsa ngati m'chipinda chojambulira chija munali babu. Munali. Nanga linali loyaka? Ine ndinkayang'ana nthiti za bambo anga, osati denga.

Ndinatumiza chithunzicho kwa msuweni wanga, namwino ku Blantyre. Iye anatumiza kwa mnzake, mnzakeyo kwa dokotala wodziwa za zithunzi. Foni iliyonse inkalumako pang'ono. Pobwerako chinali ngati mapiri a Nyika m'chifunga cha mwezi wa Juni, ndipo mlamu wanga anaonamo mbidzi. Alipo, mukamufunse. Yankho la dokotalayo linali lalifupi: jambulaninso.

Tinabwerera. Makina anali atafa, ndipo kompyuta yomwe inasunga chithunzi chenichenicho anali atapita nayo kokakonza. Ibwera liti? Ikabwera. Ndinapempha kuti ndingolowa ndione babulo. Linalipo ndithu, lozima, poti magetsi anali atathima. Ndinaliyang'ana, silinandiuze kanthu.

Podikira galimoto pamsewu adada anapempha foni ija. Anavala magalasi awo owerengera Baibulo, nayang'ana nthawi yaitali, chala chili pakadontho paja.

"Iwe, ndi babu ili, kapena ndine?"

Ndinati mwina ndi babu, adada.

"Ngati ndi babu, wina akalizime," anatero, akundibwezera foni. "Ndatopa chomene."