Kuzungulira Khomo la Amalume ku Wembley

Ndinanyamuka ku Ilford, dera la mu London, nthawi ya naini m'mawa, tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, m'chaka changa choyamba cha maphunziro a unamwino. Ndinkapita ku Wembley kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anathawa kwathu ndili wamng'ono atasemphana ndi boma la nthawi imeneyo. Dzina lawo silinkatchulidwa ngakhale kumunda. Wophunzira wolipiriridwa ndi boma ngati ine akaoneka pakhomo pa munthu wotero ankabwezedwa kumudzi, ndipo makolo ake ankaitanidwa kukayankha mafunso. Komabe amayi anali atandinong'oneza pabwalo la ndege kuti, "Ukamuone mlongo wanga ndi maso ako." M'chikwama ndinanyamula matemba ouma amene anandimangira iwowo.

Sitima yoyamba inandisiya pa Liverpool Street, pamene ndinagula tikiti ya mapeni makumi asanu ndi limodzi n'kutsikira ku sitima ya pansi pa nthaka. Nditangokhala, bambo ena amene ndinayang'anizana nawo ananunkhiza mpweya, nayang'ana chikwama changa.

"Matembawo ndi a ku Chilwa, mayi. Muli bwanji?"

Masiku amenewo anyamata a mu London ankasunga tsitsi ndi kuvala mathalauza otambalala kunsi, zimene kwathu zinali zoletsedwa. Bambowa anali ometa bwino, thalauza yowongoka ngati ya kalaliki wa kuboma. Sindinakayike: ameneyu ndi kazitape.

"Ndine Kalinde, ndikuphunzira zokonza misewu," anatero. "Ulendowu ndi wakuti?"

Mmalawi aliyense ankadziwa kuti ku Wembley kumakhala ndani. Ndinakweza maso pa mapu a masiteshoni n'kuwerenga dzina lomalizira. "Ku Uxbridge, bambo, kwa mnzanga."

"Zakumana bwino. Inenso ndi komweko."

Sitima itaima pa Wembley Park, mwa ife awiri palibe amene anadzuka. M'malo mwake ndinayamba kuyamikira boma chifukwa cha chimanga. A Kalinde anayamikira misewu. Ine ndinawonjeza zipatala, iwo milatho. Pofika ku Harrow tinali titayamba kuyamikira ndi mvula yomwe.

Tinatsika ku Uxbridge cha m'ma leveni koloko, aliyense n'kulipira zoonjezera pachipata osafunsa mnzake chifukwa chimene tikiti yake inathera panjira. Ndinalowera kumanja, iwo kumanzere. Nditacheuka ndinaona ataima pakona akundiyang'ana. Pofuna kutsimikiza bodza langa, ndinagogoda pa chitseko chobiriwira cha nyumba yoyamba imene ndinafika.

Anatsegula mayi wachikulire wachizungu. Asanandifunse kanthu anaitana mwamuna wake kuti oimba nyimbo za Khirisimasi afika. Ndikanatani? Ndinaima chilili, matemba kukhwapa, ndipo ndinaimba ndime ziwiri za nyimbo ya kutchalitchi kwathu, ndekha, mano akuwombana ndi chisanu. Anandipatsa kamkate kotsekemera ka zipatso zouma, n'kufunsa kumene kunali anzanga a kwaya. Ndinayankha kuti akubwera m'mbuyo.

Nditabwerera pasiteshoni ndinapeza a Kalinde pabenchi, m'manja muli kamkate kofanana ndi kanga.

"Mnzanu mwampeza, mayi?"

"Wasamuka, bambo."

"Wanganso," anatero ndi mawu osasa ngati a munthu amene wangoimba pamphepo.

Tinakwera sitima imodzi. Tinadutsanso Wembley Park tikuyamikira fodya ndi thonje. Pa Baker Street ndinatsanzika mwaulemu, ndinalowa m'chimbudzi cha amayi, ndipo ndinakhalamo theka la ola. Kenako ndinatulukira khomo lina n'kukwera basi yofiira, ndinakhala m'mwamba kumbuyo kwenikweni, duku nditalikokera pamphumi.

Ndinatsika ku Wembley folo koloko isanakwane, kunja kutayamba kale kuda monga kumachitira kumeneko m'nyengo yozizira. Msewu ndinaupeza, nambala ya nyumba ndinaiona. Ndisanakhudze kachipata, ndinaona a Kalinde akubwera kuchokera kumapeto ena a msewuwo, atanyamula kaphukusi. Ndinapitirira ngati wodutsa. Pokumana tinapatsana moni, pakuti munthu sadutsa mnzake wakwawo ngati mtengo. Ndinafika kumapeto, ndinatembenuka, tinakumananso pakhomo pomwepo, tinapatsananso moni. Kachitatu ndinafunsa ngakhale za kunyumba.

Pamenepo zenera la m'mwamba linatseguka, mutu wa imvi n'kusuzumira.

"Inu awiri! Mwalembedwa ganyu yoyeza msewu wa azunguwu? Iwe mtsikana, nkhope imeneyo ndi ya mlongo wanga. Kalinde, ndakudikira kuyambira m'mawa. Lowani! Ngati wina mwa inu ndi kazitape, adye kaye, akaneneze atakhuta."

Ndinagwada pabalaza kupereka moni. Amalume anandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo atamasula matemba aja anapukuta m'maso. Ana awo anandilonjera m'Chingerezi atagwira mphuno. A Kalinde, amene anali mwana wa mnzawo wakale wa amalume ndipo anatumidwa kudzapereka mtedza, anaulula patebulo kuti chimene chinawaopsa chinali diresi langa lofika m'mapazi. Mtsikana wokana thalauza m'chisanu chotere, anatero, sangakhale munthu wamba.

M'mawa mwake sitima sizinkayenda, choncho tinadya Khirisimasi pamodzi, matemba pambali pa nkhukundembo, tonse titavala zisoti zapepala zimene ana anatikakamiza. Kwa amayi ndinalemba mochenjera mmene ndikanathera kuti, "Katundu munandituma uja ndamuona. Ali bwino, wangochita imvi." Maphunziro ndinamaliza, ndipo kumudzi palibe anaitanidwa.

Ulendo wa ola limodzi ndi theka unanditengera tsiku lathunthu, popanda wondithamangitsa. Ndinaphunzira kuti boma lija silinkasowa kutumiza munthu ku London. Tinkadzilondera tokha, ndipo tikiti tinkagula ndi ndalama zathu.

Patapita zaka zambiri, pamaliro a amalume, a Kalinde anandiyandikira titachoka kumanda, nawonso ali ndi imvi.

"Mayi, tsopano tingathe kulankhula. Zoonadi simunali kazitape?"

Ndinawayang'ana bwinobwino. Thalauza inali yowongokabe.

"Yambani mwayankha inu, bambo."