Khutu la Enelesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinafika ku Kanyama kuchokera kumudzi, kumene ndinkaweta ng'ombe za amalume. Sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Dziko linali litangolandira ufulu, ndipo khomo lililonse linkakamba za sukulu.

Kufupi ndi kwathu kunali sukulu ziwiri. Yakumtunda inali ya njerwa zootcha, ya madesiki, ndipo belu lake linkamveka mpaka kumpopi. Yakumunsi anaimanga makolo okha ndi zidina. Ana ankanyamula zitini zokhalira, ndipo dzinja likafika madzi ankalowa m'makalasi, maphunziro n'kuima. Azimayi pamzere wa madzi ankanena kuti mwana wakumtunda amabwera kunyumba ndi mawu atsopano, wakumunsi amabwera ndi matope.

Atate, omwe ankaphika kwa azungu, anali ataganiza kale. Mlongo wanga Enelesi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, akalowe kumtunda. Ine wotalikane ndikayese kumunsi, kumene sankayang'ana msinkhu. Tsiku lolembetsa atate sanapatsidwe mpata kuntchito, amayi anali ndi khanda, choncho anatuma ine kuti ndimuperekeze.

Masiku amenewo ambiri tinalibe mapepala obadwira. Mphunzitsi ankauza mwana kuti apititse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira, ndiye kuti wakwana. Pamzere ndinamva azimayi akunong'oneza ana awo kuti apendeketse mutu pang'ono. Ndinamva bwinobwino, koma Enelesi sindinamuuze. Maso anga anali pawindo, pa madesiki aja, ndipo fungo la choko linkandikoka mtima.

Titafika kutsogolo mphunzitsi anati kwatsala malo amodzi. Enelesi anali wamfupi, ndipo zala zake zinaperewera pang'ono chabe. Mphunzitsi anatembenukira kwa ine.

"Iwe, uyu mwana ali na zaka zingati?"

"Zisanu, aphunzitsi."

Enelesi sanatsutse, pakuti zaka zake sankazidziwa. Ndinapempha kuti malowo asapite kukhomo lina, alembe ine. Mphunzitsi anaseka kutalika kwanga, koma analemba. Njira yonse yobwerera Enelesi ankayesabe kugwira khutu lija, lilime lili kunja.

Kunyumba ndinati amukana, ndipo malowo andipatsa ine. Atate anati Enelesi akalowe kumunsi. Ndimamuonabe akutuluka m'mawa ndi chitini chake pamutu. Anasiya ali mu Giredi 3, chaka chimene mvula inagwetsa chipupa cha kalasi yawo. Ine ndinaphunzira mpaka ndinakhala kalaliki. Iye anakalambira pamsika akugulitsa tomato, ndipo makalata a ana ake ankabwera nawo kwa ine kuti ndimuwerengere. Ankakhala pampando wanga, akuyang'ana pakamwa panga.

"Ine sukulu inandikana chifukwa cha khutu, achimwene," ankatero akuseka, nanenso n'kuseka naye.

Anamwalira ndisanamuuze. Lero makolo achinyamata amandifunsa kuti sukulu yabwino ndi iti m'dera lathu, ndipo ndimawayankha za aphunzitsi ndi madenga. Koma ndimawauzanso kuti tsiku lolembetsa azipita okha, asatume mwana amene nayenso ali ndi njala ya sukulu. Ndikanakonda Enelesi atakhalanso pampando uja kamodzi kokha, ndimuuze kuti khutu lake linalibe mlandu. Amene anamukana ndi ine.