Maso pa Mutu, Makutu pa Foni

Mlamu wanga ndi wometa, ndipo dzina lawo lenileni anthu a mumsewu mwathu analiiwala kalekale. Onse amangoti a Mwamvakodi, chifukwa sungakhale pampando wawo osamva mawu amenewo. "Mwamva kodi kuti kumwezi kulibe mpweya?" Umabwera kudzachotsa ndevu, koma potuluka umakhala utadziwa mmene anthu akale ankapangira mapepala ndi chifukwa chimene mphezi imaonekera bingu lisanamveke. Ine ndimaluka tsitsi m'chipinda choyandikana nawo. Chotilekanitsa ndi khoma la matabwa opyapyala, choncho sukulu imeneyi ndinalowa popanda wondifunsa.

Anayambitsa zonsezi ndi mkulu wanga, mkazi wawo, amene anawagulira foni kuti azipezeka akafunidwa. Iwo anapezamo timavidiyo tatifupi tophunzitsa za sayansi, mbiri yakale ndi makhalidwe a anthu a maiko akutali. Kamodzi kamatha asanamalize ngakhale mbali imodzi ya mutu. Foniyo anaipezera malo pakashelefu ka pansi pa galasi, itatsamira botolo la sipiriti.

Tsiku lina akuonera phiri likulavula moto, makina ometera anatsetsereka n'kulambula msewu pakati pa mutu wa mphunzitsi wina. Bambo uja anavala chipewa mpaka tsitsi litamera. Kuyambira pamenepo alamu anadziikira lamulo: maso pa mutu, makutu pa foni. Wometedwayo ndiye amaonera n'kumawauza zimene zikuoneka. Kunyumba nako ana amawalanda foni asanavule nsapato, moti dziko lonse limene alamu amalidziwa linalowera m'makutu.

Makasitomala ambiri ndi aulesi pakamwa. Akafunsidwa amangoti, "Ndi nyumba basi," kapena, "Ndi nsomba." Koma panali a Kalipentala, mnzawo wa kalekale, amene anakhoma kashelefu kaja. Ntchito anali atasiyira mwana wawo, tsitsi linangotsala la m'mbali, komabe Loweruka lililonse ankabwera kudzametetsa dazi lawolo. Iwowa ndiwo anali maso enieni a alamu.

Ndimakumbuka tsiku la manda a mafumu akale a m'chipululu.

"Akuoneka bwanji, achimwene?" anafunsa alamu, makina akulira.

"Ndi ozungulira, ndipo ali ndi khonde," anatero a Kalipentala. "Mazenera ndi ang'onoang'ono, koma mafelemu ake anagwira ndi munthu wodziwa ntchito."

Za chinyama cha m'nyanja chokhala ndi mitima itatu anati chili ndi ndevu komanso nkhope yokwiya ngati ya mwininyumba wathu. Odikira pabenchi ankangoseka, poganiza kuti ndi nthabwala za anthu awiriwa. Alamu ankameza zonse, mawa lake n'kumazigawira ena ndi mtima wonse.

Zinaululika magetsi atathima masana ena. Makina anangoti zii, makasitomala anabalalika, ndipo alamu kwa nthawi yoyamba anakhala pampando wawo womwe n'kuyamba kuonera okha timavidiyo takale. Manda aja anali osongoka ngati mapiri, opanda khonde ngakhale zenera. Chinyama chija chinalibe ndevu. Ndinawamva akuyamba ndi kuseka, koma kusekako kunauma msanga.

"Alamu," anandiitana kudzera pakhoma, "ndiye kuti munthu uyu wakhala akundipusitsa pamaso pa anthu?"

Ine ndinapitiriza kuluka, zingwe za tsitsi zili pakamwa.

Loweruka a Kalipentala atangokhala pansi, alamu anawaika foni pafupi ndi mphuno. "Tanenani, achimwene. Khonde lija lili pati?"

A Kalipentala anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako anavula okha nsalu ya pakhosi, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka. Pakhomo phewa lawo linagunda felemu. Sanabwerenso, ndipo pampando paja panayamba kukhala anthu a "ndi nsomba basi" okhaokha.

Alamu anasanduka munthu wina. Foni inkalankhula yokha, iwo ali duu. Ngakhale "mwamva kodi" anasowa, ndipo ine amene ndinkadandaula phokoso ndinayamba kulisowa. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti nkhalamba ziwiri zinkafunana, koma iliyonse inaumitsa khosi.

Chifukwa chimene a Kalipentala ankapekera zinthu ndinachimva mwana wawo wamkazi atabwera kudzalukitsa. Munthu akaweramitsa mutu m'manja mwako, pakamwa pamamasuka. Anati bambo ake ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo n'chifukwa chake anasiya ntchito. Amaona kuwala ndi zithunzithunzi basi. Analetsa a m'nyumba kuuza aliyense, makamaka wometa.

"Akuti akadziwa aziwagwira dzanja ngati mwana," anatero mtsikanayo. "Ndiye ankangomvetsera zimene foni ikunena, zotsalazo n'kumapeka."

Nditamaliza kumuluka ndinazungulira khoma lija. Ndinawauza alamu kuti amadziwa kutalika kwa dzuwa koma maso a mnzawo, amene amawayang'ana pagalasi mlungu uliwonse, sanawaone. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kuuza mlamu. Iwo anangokhala pabenchi chipeso chili m'manja.

"Ndinkayang'ana mutu," anatero motsitsa.

Anafuna kuthamangira kwa a Kalipentala kukapepesa. Ndinawagwira malaya. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo munthu amene wabisa matenda ake safuna kupepesedwa ndi maso achifundo. Tinagwirizana kuti mtsikanayo akangouza bambo ake kuti kashelefu kagwedera, ndipo palibe wina amene wometa akumulola kukakhudza. Kuti lisakhale bodza, alamu anazula okha msomali umodzi.

Mlungu wonsewo alamu anauthera pa vidiyo imodzi, ya zombo zakale zoyenda ndi mphepo. Pakapanda kasitomala ankaionera mobwerezabwereza n'kumayeseza kufotokoza, kuti tsopano iwo akhale maso a mnzawo.

Loweruka a Kalipentala anafika ndi hamala. Anapapasa kashelefu, anapeza bowo ndi chala, anakhoma msomali, n'kunena kuti wozulayo anazula mwaumbuli. Alamu anangokutumula nsalu, ndipo a Kalipentala anakhala pansi ngati sipanachitike kanthu. Ine ndinasiya kuluka n'kumata khutu kukhoma, kasitomala wanga nayenso chimodzimodzi.

Vidiyo inayamba. "Lero ndifotokoza ndine," anatero alamu. "Pali chombo. Chachikulu. Chili pamadzi. Chili ndi nsalu pamwamba, zoyera. Madzi nawo ndi ambiri."



"Mwatha?" anafunsa a Kalipentala.

"Palinso chingwe."

"Achimwene, inu munabadwira kumeta. Chombo chimenecho matabwa ake ndi a mtengo wolimba, olumikiza popanda msomali. Kutsogolo anasemako mutu wa tambala, ndipo woyendetsa ali ndi kakhonde kake kokhalapo madzulo."

Pa vidiyopo panalibe tambala, ndipo alamu ankadziwa bwino lomwe, poti anaionera mpaka kuiloweza. Ndinamva makina akuyambanso kulira.

"Tambalayo ndi wamtundu wanji?" anafunsa alamu.

"Wofiira. Inu yang'anani mutu, mungandilambule msewu ngati mphunzitsi uja."

Za kuchipatala cha maso akukambirana, ndipo alamu apeza kale timavidiyo tonena za ng'ala, timene amatiika ngati mwangozi. A Kalipentala amati amva, aganiza. Koma Lolemba lotsatira ndinamva alamu akuuza mnyamata wina wa pabenchi za zombo zakale, ndipo atafika pa tambala anati, "Ameneyo pa vidiyo simumupeza. Anamuona ndi mnzanga."