Chitsulo cha ku Jinale

Amene anaimba chitsulo tsiku lija ndine. Ndanena poyambirira pomwe chifukwa pa Balaka pano nkhaniyi anthu aikometsera mopitirira. Ena amati anali wamisala wa pa depoti, ena amati mlonda ataledzera, ndipo mnzanga Yusufu, yemwe anathawa ndisanamenye n'kachiwiri komwe, amauza atsikana a kusukulu kwathu kuti anali iyeyo. Iyayi. Ndinali ine, ndili Fomu 2, pa holide ya Ogasiti, dzuwa lili paliwombo, ndipo kulemera kwa bawuti yomwe ndinamenyera ndimakumvabe m'dzanja mpaka lero.

Ku Jinale ndi fakitale yakale ya thonje, chakumunsi kwa tawuni, moyandikana ndi njanji yopita ku Nkaya. Kumeneko ankachotsa njere m'thonje n'kulipanikiza m'mabelo aakulu ngati ng'ombe. Ine ndinabadwa makina atazima kale. Jinale yomwe ndinkaidziwa ndili mwana inali ya mileme ndi mavu, ya malata adzimbiri omwe ankalira okha dzuwa likatentha, ya mbuzi zousa mvula. Tinkalowera pa chiboo cha mpanda kukasewera chibisalirano, ndipo ukabisala kuseri kwa makina unkatuluka ndi fungo la girizi wakale losakanikirana ndi zitosi za mileme, fungo lokakamira m'malaya moti amayi ankadziwa komwe waswera osakufunsa. Pa mitanda ya denga pankalendewera tithonje takuda ndi fumbi, ndipo kamvuluvulu akalowa tinkagwa pang'onopang'ono n'kutera m'tsitsi mwathu, ife n'kumasekana kuti takalamba.

Kenako kunabwera anthu ena ndi maganizo awo. Anathamangitsa mileme, anasesa, anakhoma malata atsopano, n'kugawa chinyumba chonsecho tizipinda ndi timagome. Makina sanawachotse. Anangowapukuta n'kuwapaka penti kuti alendo azijambulitsa atawatsamira. Pomwe ankayezera thonje panakhala atelala, nsalu zili lendelende. Pomwe ankaunjika mabelo panakhala malo odyera, ndipo fungo la mileme linalowedwa m'malo ndi la tchipisi pa chiwaya, la anyezi, la thobwa, ndi la phula lomwe osema ziboliboli ankapukutira njovu zawo. Chipinda chakumapeto kwenikweni anachitenga wojambula zithunzi wina wochokera ku Zomba, watsitsi lopota, yemwe tinangomutcha a Penti chifukwa ngakhale makutu awo sankasowa kadontho kobiriwira. Loweruka magalimoto ankapatuka pamsewu waukulu, anthu a m'tawuni n'kumayenda pang'onopang'ono m'menemo, mitu ili m'mwamba, ngati alowa m'tchalitchi cha eni ake.

Achemwali anga a Feliya, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anapezamo malo awo. Ankaphika mpunga ndi mlamba wowamba wa ku Chiuta, wotendera, woti ukaudya umaiwala kuti unatumidwa. Kwathu mwana akayamba ntchito yakeyake, mbale yoyamba amalawa ndi kholo, ndipo achemwali anawauza ababa nthawi ikadalipo. Ababa anakana. Iwo anagwira pa makina opanikizira mabelo kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku lomwe onse anauzidwa kuti azipita kwawo, ndipo ankati sangakhale pansi n'kumatafuna pamalo pomwe anzawo anatsokomolapo thonje mpaka kumanda, pomwe anthu ena akujambulitsa akuseka. Sanakalipe, ababa sakalipa. Ankangokonza njinga pansi pa mlambe tsidya lina la msewu, msana atalozetsa kugeti, tsiku ndi tsiku.

Achemwali nawo ndi mwana wa bambo ake. Masana alionse ankapakula mbale imodzi, n'kuivundikira ndi inzake, n'kuiika pambali. Dzuwa likapendeka osabwera mwini wake, mbaleyo inkagwera ine. Sindibisa, kukana kwa ababa kunkandikomera, ndipo holide imeneyo masaya anga anatuluka. Koma ngakhale ine wadyera ndinkaona mmene achemwali ankaponyera maso kugeti akamva belu la njinga. Mwezi utapita pakati anawauza amayi, ine ndikumva, kuti mwezi ukatha abweza makiyi. Anati sangapitirize kuphika pamalo pomwe bambo awo awafulatira, chifukwa kasitomala aliyense wa kuno amayamba waona msana wa ababa asanaone mpunga wawo.

Tsono pageti penipeni, pa chipilala cha njerwa, pankalendewera chidutswa cha njanji, chachitali ngati mkono wa munthu wamkulu. Limenelo ndilo linali belu la Jinale. A Penti anachijambula timaluwa tofiira ndi tachikasu, ndipo alendo ankachiyesa chokongoletsera. Ine ndinkadziwa kuti chimalankhula, chifukwa ndili wamng'ono ababa ankandiphunzitsa pogogoda limu la njinga ndi sipanala. Kumenya modekha, mopatsa mpata, ndiye kuti ntchito yayamba kapena yatha. Kumenya mofulumira, osapumira, ndiye kuti moto. Ndipo ankati moto wa thonje ndi wachinyengo, umadya mkati kunja kuli mbee, ukamaona lawi ndiye kuti wachedwa kale. Choncho lamulo la pa Jinale linali lakuti chitsulo chikalira choncho sufunsa munthu. Umatenga chotengera chilichonse chili ndi madzi, n'kuthamangira kuchipinda chakumapeto komwe thonje lochotsedwa njere linkaunjikana, n'kuthira kaye. Mafunso pambuyo.

Masiku ano amayi ena a kutchalitchi amandisisita m'mutu n'kumati ndinachita dala pofuna kuyanjanitsa ababa ndi achemwali. Ndimangoti zikomo. Zoona zake n'zakuti Yusufu ananena kuti chitsulo chopakidwa penti sichingalirenso, penti yachitseka pakamwa, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuona ngati a Penti angathamange ndi masilipasi omwe ankakonda kuvala. Mlonda anali akuodzera pa mpando, wailesi ili pachifuwa. Ndinatola bawuti m'mbali mwa njanji, ndinalavulira m'manja, n'kuyamba.

Chinalira, abale. Chinalira mpaka mano anga kunjenjemera, timaluwa ta a Penti n'kumatumphuka ngati mamba a nsomba. Koma nditasuzumira mkati ndinakhumudwa. Palibe anadzuka. Atelala anangotukula mitu n'kupitiriza kupalasa makina awo, mayi wina wovala magalasi akuda anandilozetsa foni, ndipo bambo wina wa mimba yake anandiombera m'manja poyesa kuti ndi gule wolandirira alendo. Ndinatsala pang'ono kusiya. Kenako ndinaona fumbi kumsewu.

Woyamba anali che Saidi, mnzawo wa ababa, amene mkono wawo wamanja ndi wosalala ngati chikopa cha ng'oma chifukwa unapsa pa moto weniweni wa m'Jinale momwemo kalekale. Anachokera pa mpopi wa kumzikiti, mkanjo atakwinyira m'chiuno, ndowa ili m'manja. Pambuyo pawo anaChisale, omwe ankasoka mabelo, atasenza beseni la madzi ochapira, yunifolomu ya mdzukulu wawo ikuyandama momwemo. Kenako ena, ochokera kumsika, kuchigayo, kumizere ya nyumba za kuseri kwa njanji, onse aimvi, ena opanda mano, ena omwe ndinkawadziwa kuti amayenda ndi ndodo koma tsiku limenelo ndodo anaiiwala. Ndipo pakati pawo ababa, atagwetsa njinga ya kasitomala pamsewu, atanyamula beseni lawo lakuda lomwe amamizamo chubu pofufuza pobooka. Anandidutsa pageti osandiona n'komwe. Ena anangoima okha mzere kuchokera pa mjigo mpaka pakhomo, n'kumapatsirana ndowa, aliyense pamalo pake, ngati anaweruka dzulo.

Tsoka lake, utsi wa mbaula ndi ziwaya unkakonda kukwera kudenga n'kukaunjikana chakumapeto komweko. Madala aja atauona sanafunenso umboni wina. Anadutsa pakati pa matebulo, kugwetsa mipando, kuwaza alendo, mpaka kuchipinda cha thonje, komwe tsopano kunali a Penti ataima pa sitululu, akumaliza chithunzi chachikulu cha Jinale yomweyo pansalu yotalika ngati chitseko. Beseni la ababa ndilo linayamba. Linatsatira la anaChisale, yunifolomu ndi sopo womwe. A Penti anafunsa kuti madala mukutani, ndipo che Saidi anawakankhira pambali mwaulemu.

"Patukani, mwanangu. Tifunsana pambuyo."

Anathira mpaka ndowa zinatha. Kenako ababa anayamba kupapasa makoma ndi kuseri kwa dzanja, kufunafuna potentha, ndipo ndinaona dzanjalo likuchedwa, likuchedwa, mpaka linaima. Munalibe thonje. Munali zithunzi, mabotolo a penti, ndi mnyamata wa ku Zomba atakhala pansi m'madzi atagwira mutu, ntchito yake ya mwezi wathunthu ikuyenderera pansalu ngati makala a m'maso a mkwatibwi wolira.

Sindinawaonepo ababa akusowa poika maso ngati nthawi imeneyo. Anatembenuka pang'onopang'ono, buluku litanyowa mpaka m'mawondo, n'kuzindikira komwe ali. Patsogolo pawo panali makina awo opanikizira mabelo, opakidwa chikasu ngati basi. Anayenda n'kukagwira chogwirira chake, pamalo pomwe chitsulo chinaperepeseka ndi dzanja lawo lomwelo, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Che Saidi ndiwo anayamba kuseka, kuseka kokhala ngati chifuwa, n'kuloza pomwe panali atelala kuti apo ndi pomwe ankabisala kapitawo akamabwera. AnaChisale anatsutsa kuti sipanali apo, ndipo posakhalitsa nkhalamba zonse zinali kulozerana ngodya, kukangana, kutchula mayina a anthu omwe anapita kale.

Achemwali sanathamange. Anatenga mbale ija, yovundikira, anadutsa pakati pa anthu onsewo, n'kugwada pa simenti yonyowa, chitenje chawo chatsopano chikumwa madzi a sopo.

"Ababa, poti mwalowa kale."

Ababa anayang'ana mbale, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana kugeti komwe njinga ya eni ake inali chigonere. Ine ndimawadziwa, akhoza kutola beseni lawo n'kutuluka. M'malomwake anafunsa ndi mawu awo a masiku onse kuti madzi osamba m'manja ali kuti. Anthu anafa nako kuseka, poti onse anali ataima m'madzi. Anakhala pa benchi, anaitana che Saidi kuti ayandikire, anavundukula, n'kudya mosafulumira mpaka minga yokha. Atamaliza anati mchere wachepa pang'ono. Achemwali analowa kuseri kwa katani, ndipo atatuluka maso anali ofiira, koma za makiyi sanazitchulenso.

Kundigwira sikunavute. Ndinali nditawatsatira mkati, bawuti ikadali m'manja, malaya onse tizidutswa ta penti. Eni mashopu anakhala pansi madzulo ake n'kugamula kuti mpaka sukulu itsegulidwe ndizitungira madzi malo odyera onse, ndiponso ndizitsuka maburashi a a Penti, omwe anatha sabata osandiyankha moni. Ababa sanandimenye. Tikupita kunyumba, iwo akukankha njinga, ine nditasenza beseni, anangonena osanditembenukira:

"Chitsulo chija chilirireni sichinanamepo. Wachinamitsa ndiwe."

Mawu amenewo ndimawaganizirabe, makamaka ndikakumbukira mzere uja wa pa mjigo. Munalibe munthu wa msinkhu wanga, ngakhale wa msinkhu wa achemwali. Tawuni yonse inamva kulira komweko, koma amene anamva kuti akuitanidwa anali okhawo amene thonje linawalowa m'chifuwa, ndipo anathamangira kukapulumutsa fakitale yomwe inawataya. AnaChisale anatisiya dzinja lathali. Chitsulo anachikulunga ndi chubu chakale, ababa ndi manja awo, kuti chisalirenso mwachibwana. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti moto weniweni utabuka zaka zikubwerazi, munthu n'kumasula chubucho n'kumenya osapumira, kodi kudzabwera ndowa kapena adzangomuombera m'manja?

Koma musayese kuti ndinalapa. Chilango chija chinali holide yabwino kuposa zonse. Wotunga madzi amalowa m'khitchini iliyonse, ndipo palibe wophika amene amamana mnyamata wotuluka thukuta zotsalira za m'chiwaya. A Penti nawo anachikhomabe pakhoma chithunzi chonyowa chija, ndipo alendo amaima patsogolo pake nthawi yaitali akugwedeza mitu ngati akumvetsa, ine n'kumawauza kuti tinachijambula tili atatu, a Penti, ababa ndi ine. Chomwe chinandiwawa n'chimodzi chokha. Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likafika paliwombo ababa amatsamiritsa njinga pa mlambe, amawoloka msewu, n'kukakhala pa benchi yoyang'anana ndi makina awo, che Saidi ali pambali. Mbale yovundikira ija amaimaliza okha, n'kudandaula za mchere. Ine ndimangodutsa ndi ndowa, kumeza malovu. Ndikanadziwa kuti chitsulo chija chindilanda mlamba wanga, bwenzi nditadikira kaye mpaka sabata yomaliza ya holide.